Nyumba Imene Bichathu Anaidumpha

Kwathu kuno ku Thekkepuram mkazi sapita ku ukwati chifukwa cha khadi. Khadi ndi la abambo, amalilandira pa msika n'kuliiwala m'thumba la malaya. Mkazi wodzilemekeza amadikira kuti munthu abwere ndi mapazi, alowere khomo la kukhitchini, akhale pansi, atchule dzina lake ndi la mwana wake wamkazi aliyense, ndiyeno amuitane ndi pakamwa. Zikapanda kutero, ngakhale akhale m'bale wako wa bere limodzi, tsiku la ukwatilo atseka mawindo, ndipo nkhaniyo adzaisiyira zidzukulu. Munthu amene anayenda ndi mawu amenewa kwa zaka makumi anayi ndi chimodzi anali Bichathu.

Kuwerenga sankadziwa, ndipo sankaona chimene anataya. Anabadwira ku Pallikkandi, kumene mtsinje wa Kallai umathira m'nyanja, m'kanyumba kamene mvula ikagwa ankasuntha mphasa kuthawa madontho. Ntchitoyi anaitengera kwa mayi ake. Mwamuna wake Alikutty ankasenza matumba a mpunga ku Valiyangadi, msika waukulu uja, mpaka tsiku lina anatula thumba, n'kukhala pansi, osadzukanso. Ana sanakhale nawo. Akulu ndi ana omwe ankangomuitana kuti Bichathu, koma nyumba imene iye wasiya kulowamo inkadziwa yokha kuti yatsika.

Eni ukwati sankamupatsa mndandanda wa mayina. Akanaulemba bwanji? Kuno mwamuna ndiye amapita kwa mkazi, amamera imvi akutchedwabe mkamwini, ndipo denga limodzi limafunditsa anthu makumi asanu, aliyense ndi chibale chake cholowera kwina. Ankangomuuza kuti wakuti akukwatiwa tsiku lakuti, zotsalazo zinali m'miyendo mwake. Ankayambira pa makwerero a dziwe la Kuttichira, mzikiti wautali wamatabwa uja uli kumbuyo kwake, n'kulowa m'tinjira timene anthu awiri a maambulera sangapatukirane. Ankadutsa Parappil, Idiyangara, Kundungal, kenako n'kukwera m'mbali mwa nyanja mpaka pa zitsulo zadzimbiri za doko lakale. Akafika pa chipata cha nyumba yapachibale ndi eni ukwati, miyendo inkaima yokha, mayina n'kubwera okha pakamwa. Akangodutsa, mutu unkaitula nyumbayo n'kusenza yotsatira. Mzinda wake unali ndi malire anayi: nyanja, msika, njanji ndi mtsinje. Kutsidya kwa Kallai ankati ndi kunja, ndipo ankakutchula ndi mawu amene ena amatchulira Dubai.

Chaka chimenecho a Cheriyabi a ku Parappil ankakwatitsa mdzukulu wawo Thasleena. Mayiwa anali ndi mkulu wawo mmodzi yekha, a Kalmabi, ndipo awiriwa anali atatha zaka zitatu osalankhulana. Chinawadanitsa ndi nyumba ya mayi awo, imene tonse tinkaitcha Nyumba ya Mandimu, ya zipinda makumi awiri ndi denga lodontha paliponse. Abale atagwirizana zoigulitsa, a Cheriyabi anasaina, popeza iwo amuna awo anali atawamangira kale ina. A Kalmabi anakana mpaka anthu ogwetsa nyumba atayamba kutsitsa matailosi a padenga iwo ali m'katimo. Mwana wawo Ummer ndiye anawatulutsa n'kupita nawo kutsidya kwa mtsinje. Ali pachipata a Kalmabi ananena mokweza, njira yonse ikumva, kuti mng'ono wawo wawakwirira ali moyo.

Tsiku lomutuma, a Cheriyabi anamupatsa Bichathu nsalu yatsopano ndi ambulera monga mwa nthawi zonse, kenako anamugwira pamkono.

"Onse, Bichathu. Wandimva? Onse."

"Ndamva, itha. Makutuwa akalamba koma sanatseke." Itha ndi mmene timaitanira mayi wamkulu kwa ife kuno.

Dzina sanalitchule, ndipo panalibe chifukwa cholitchulira. Bichathu anadziwa kuti pa nyumba zonse zimene akalowe, imodzi yokha ndiyo inali pamtima pa mayiwa. A Kalmabi anali ndi zaka makumi asanu ndi atatu, ndipo mdzukulu wina wokwatitsa panalibe. Akapanda kubwera ku ukwati umenewu, ndiye kuti awiriwa adzakumana mmodzi atagona chagada.

Anayenda masiku khumi ndi awiri. Anamwa tiyi wakuda wa mandimu m'makhitchini ochuluka mpaka lilime linachita dzanzi, anamva za onse odwala shuga, anayamikira makanda ngakhale osaoneka bwino. Tsiku lachisanu ndi chimodzi, dzuwa lili paliwombo, anafika pamene panali Nyumba ya Mandimu. Panali mpanda wa malata, m'kati mwake malole atatu ataima. Miyendo inaima monga inkachitira chiyambire utsikana wake, ndipo mayina anabwera pakamwa: Kalmabi, ndi ana awo aakazi Subaida ndi Ramla. Anawatchula chapansipansi, akuyang'ana malatawo, mtima ukumuwawa. Anadziuza kuti awa adzawawolokera akamaliza mbali ino. Kenako anatembenukira nyumba yotsatira, ndipo mutu wake unachita zimene wakhala ukuchita zaka makumi anayi. Unaitula nyumbayo.

Tsiku lomaliza anatsikira pamchenga, anavula patapata, n'kuviika mapazi m'madzi. Anagula mango a mchere kwa mayi wogulitsa m'mabotolo, n'kudya mosafulumira, akuyang'ana akhwangwala pa zitsulo za doko. Mtima unali pansi. Bondo lakumanja linali litamuopseza tsiku lachitatu, koma linapirira, ndipo anamaliza masiku atatsala. Masiku awiri otsatirawo anagona ngati khanda lokhuta.

M'mawa wa tsiku loti ukwati ndi mawa, kuseri kwa nyumba ya a Cheriyabi kunali ngati msika. Ophika anali atayala miphika ya biriyani, amayi akulira ndi anyezi, atsikana akusinja masamba opaka m'manja mwa mkwatibwi. Bichathu anali atakhala pa mtondo wovundikira, akuwauza atsikanawo kuti pa nthawi yake anthu ankasinja ndi mphamvu osati ndi pakamwa, pamene a Cheriyabi anamukodola. Analowa naye m'chipinda chosungira mpunga n'kukankha chitseko.

"Nanga iwo aja anati chiyani?"

Funsolo linamubwezera Bichathu ku tsiku lachisanu ndi chimodzi lija. Anaona mpanda wa malata, malole atatu, ndipo anazindikira kuti mlatho sanawoloke.

"Mukuwadziwa eni akewo, itha," anatero Bichathu.

"Anakutukwana?"

"Sananene kuti inde, sananenenso kuti ayi."

Linali bodza loipitsitsa pa moyo wake wonse, chifukwa mawu ake onse anali oona. A Cheriyabi anatseka maso, manja akunjenjemera pa thumba la mpunga.

"Bola sanakane," anatero, n'kumwetulira.

Kumwetulira kumeneko ndiko kunamutulutsa Bichathu pakhomopo osatsanzika. Aliyense amadziwa kuti kuitana munthu ukwati uli mawa ndi mwano woposa kusamuitana, ndiko kumuuza kuti tinakuiwala, koma takumbukira kuti miphika ifuna wotsuka. Ankadziwa zimenezo bwino kuposa wina aliyense. Komabe madzi anali atatayika kale, ndipo kukhala pa mtondo sikukanawawola.

Anadutsa Kundungal osayankha moni, chinthu chimene anthu anachikamba sabata yathunthu. Pa mlatho wa Kallai fungo la utuchi ndi matope linamulandira, mitengo yoyandama ili ndandanda m'madzi, macheka akulira mbali zonse. Ali pakati pa mlatho anakonza mabodza atatu: malungo, bondo, ndi lakuti anabwera koma sanapeze munthu. Onse atatu anali abwino ndithu.

Kutsidyako miyendo yake inasanduka ya munthu wamba. Misewu inali yotakata, nyumba zosanja zofanana ngati mazira, ndipo palibe chipata chimene chinamuuza kanthu. Analowa m'kagolosale.

"Mwana wanga, kwa Ummer ndi kuti? Mwana wa a Kalmabi a ku Nyumba ya Mandimu, amene anakwatira kwa a Kunjeebi a kuseri kwa dziwe."

Mwini golosaleyo anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Umma," anatero monga timaitanira mayi wachikulire, "pa msewu uno wokha a Ummer alipo asanu ndi awiri. Nambala ya nyumba ndi chiyani?"

"Nambala? Ndikufuna munthu, sindikufuna kukwera basi."

Anafunsa pena pawiri, yankho linali lomwelo. Dzuwa linakwera, bondo linayamba kulankhula, ndipo mayi amene sanafunsepo njira chibadwire anaima pansi pa chikwangwani, ambulera ili m'manja, misozi ili pafupi. Pamenepo ndi pamene anamva hutala ya wogulitsa nsomba. Anali Mammu wa ku Mukhadar, bambo wa ndevu za imvi, akukankha njinga yake ya bokosi kumbuyo.

"Bichathu-itha, ndinu? Mwasochera, kapena mwathawa ndi mwamuna?"

"Tseka pakamwapo, ntchentche za pa nsomba zakozo zingasamukiremo. A Kalmabi amakhala kuti?"

"Aja otsitsa dengu pa chingwe?" Mammu anaseka. "Tsiku lililonse amandiuza kuti nsomba za tsidya lino zimanunkha matope. Ndimati umma, nyanja ndi imodzi, bwato ndi lomwelo. Amati ndiye kuti zimayamba kununkha zikawoloka mlatho."

"Ndi omwewo. Njira, Mammu."

"Pitirirani mpaka pa mtengo wa mango wodulidwa mbali imodzi. Mukhotere kumene kukuchokera mphepo ya kunyanja. Pali nyumba yachikasu, mukwere mpaka pachitatu, khomo loyang'ana kwanu." Anakanda m'ndevu. "Koma masabata awiri ano dengu silikutsika. Ndikaliza hutala amangondiyang'ana pawindo n'kuyang'ananso kumsewu. Akudwala?"

Bichathu ankadziwa amene ankamuyang'anira kumsewuko.

Makwererowo anawakwera atagwira khoma. Pamwamba anafunafuna khomo la kukhitchini, koma nyumba zimenezi zili ndi khomo limodzi lokha, la bwana ndi la wopempha lomwelo. Anagogoda ndi manyazi. Anatsegula a Kalmabi eni ake, popeza Ummer ndi mkazi wake anali ku ntchito. Anali atachepa thupi, koma ndolo zagolide zinali ndandanda m'makutu monse ngati kale, ndipo maso anali omwe aja amene ankathamangitsa ana pa mitengo ya mandimu.

"Wamwalira ndani?" anafunsa.

"Si maliro, itha."

"Ndiye wadzeranji? Ukwati ndi mawa. Ummer khadi lake analandira mwezi watha. Apongozi ake anaitanidwa, amphaka a ku Idiyangara anaitanidwa. Mng'ono wanga wapeza kuti otsuka miphika achepa?"

Bichathu anafufuza mabodza ake atatu aja, koma onse anali atatsalira pa mlatho.

"Anandituma masabata awiri apitawo," anatero. "Anandigwira pamkono apa. Cholakwa ndi changa."

"Lowa. Sindilankhulira pa makwerero ngati wobwereka mchere."

Analowa. A Kalmabi anakhala pa mpando wa pawindo, Bichathu anaima.

"Ndinapita kwanu, itha. Tsiku lachisanu ndi chimodzi. Ndinaima pachipata."

"Palibe chipata."

"Palibe. Pali malata ndi malole. Koma miyendo inaima, ndinatchula dzina lanu, la Subaida, la Ramla. Ndinati ndidzawoloka ndikamaliza. Nditachoka pamenepo mutu unayesa kuti ndathana nanu. Sindinakukumbukireninso mpaka m'mawa uno."

A Kalmabi anatembenukira pawindo. Pawindopo pankaoneka macheka a m'mbali mwa mtsinje, ndi kutali, pakati pa mitengo ya kokonati, nsonga ya denga la mzikiti wa ku Kuttichira.

"Bwereza. Cheriyabi anati chiyani pokutuma?"

"Anati onse."

"Basi?"

"Ananena kawiri. Ndipo lero anditsekera m'chipinda cha mpunga kundifunsa kuti munayankha chiyani. Manja awo amachita chonchi." Bichathu anawaonetsa.

"Ndiye kuti ndiwe. Si iyeyo."

"Ndine, itha."

"Sanakuuze kuti undidumphe."

"Akanandiuza zimenezo ndikanawabwezera ambulera yawo."

A Kalmabi anatulutsa mpweya wautali, ngati munthu amene watula mtolo umene anausenza kuchokera kutali. Anakoka nsonga ya mpango wawo n'kubisa nkhope, mapewa akugwedezeka, ndipo Bichathu sanadziwe ngati akulira kapena akuseka mpaka anamva zonse ziwiri. Masabata awiri mayiwa anakhala pawindo akukhulupirira kuti mng'ono wawo wawataya kotheratu. Tsopano anauzidwa kuti anangogwa m'mutu mwa nkhalamba ina, ndipo zimenezo zinali zokoma kwa iwo kuposa mphatso.

"Ndiwe chitsiru, Bichathu."

"Inde, itha."

"Mumzinda monse munthu mmodzi yekha ndiye akudziwabe kumene ndimakhala, ndipo ndi chitsiru." Anapukuta maso. "Unaimadi pamenepo? Anthu akukuona?"

"Ndinaima. Woyendetsa lole wina anayesa ndikupempha."

"Zikukuyenera. Tiye kukhitchini, ukaitane ngati munthu. Wandiimira pamutu ngati wodzadula magetsi."

Khitchiniyo inali yoti munthu akatambasula manja akhudza makoma onse awiri. Bichathu anakhala pansi pafupi ndi chitofu, n'kuitana mwadongosolo lake lonse, osadumpha dzina, ngakhale Subaida anali ku Muscat ndipo Ramla ku Bangalore. A Kalmabi anamvetsera ataumitsa khosi, n'kuyankha kuti aona ngati thupi lilola. Kenako anateleka tiyi. Bichathu anatsamira khoma tsopano, ntchito itatha. Chiyambire imfa ya Alikutty sanamvepo mtima ukubwerera m'malo mwake chonchi, pang'onopang'ono, ndi ululu wake womwe.

Madzi asanawire, a Kalmabi analowa kuchipinda n'kubwera ndi mtolo. Munali malaya oyera atsopano opeta m'mikono, ndi chibangili chimodzi chagolide chokulunga m'kansalu.

"Ichi ndi cha mayi athu, cha Thasleena. Malayawa ndinasoketsa tsiku limene Ummer anabwera ndi khadi lija. Ukauza munthu ndikudula lilime."

"Sindinaone kanthu." Bichathu analandira kapu ndi manja awiri. "Ndikabwerera ndikawauza a Cheriyabi zonse. Ndinawanamiza m'mawa. Akauza anthu, auze. Zaka makumi anayi zakwana, mwina nthawi yafika yoti ndikhale pansi."

"Ukhale pansi kuti atiitane ndani? Atsikana a mafoniwa, amene sadziwa dzina la agogo awo?" A Kalmabi anaika kapu yawo pansi. "Cheriyabi pakamwa pake sipasunga madzi. Ukamuuza masana, madzulo Valiyangadi yonse yamva kuti Bichathu wayamba kudumpha nyumba. Ndipo iyeyo ayamba kulira, kupepesa, kundigwira miyendo pamaso pa alendo. Sindikufuna zimenezo. Tamvera. Ukanene kuti unabwera kawiri ndinakubweza, lero kachitatu ndavomera monyinyirika."

"Itha, mudziipitsira mbiri chifukwa cha ine?"

"Mbiri iti? Mzinda wonse umadziwa kuti ndine wovuta, angakayike ndani? Ndipo ndibwino adziwe kuti sindinabwere wotchipa."

Bichathu anaseka, kuseka koyamba tsiku limenelo, tiyi n'kutayikira pa nsalu yake yatsopano. Anamwa wotsalayo, anamwanso wina, n'kudya nthochi ziwiri zimene anamukakamiza. Kenako anagwira chitseko cha kabati n'kudzikoka kuti aime, chifukwa ku Parappil kunali munthu amene ankafunika kumva dzuwa lisanapendeke.

A Kalmabi anamuperekeza mpaka pakhomo. Atatsika makwerero atatu, anamuitananso, mawu atatsika.

"Bichathu. Mawa ubwere udzanditenge wekha, m'mawa."

"Si Ummer ali ndi galimoto?"

"Ummer adzanditsitsira pakhomo la abambo ngati mlendo." Anayang'ana pansi, akupotokola nsonga ya mpango. "Ndikufuna kukalowa ndi mapazi. Njira ya kwa Cheriyabi ndimaidziwa kuchokera kwathu. Kuchokera kuno sindiidziwa."